Rampa yomwe ndinamanga ndikadali ndi miyendo

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Epulo, ndikumanga zingwe za nsapato. Ndinawerama bwinobwino, koma pofuna kuweramuka msana unati ndidikire kaye. Ululu unali pakatikati, kumunsi kwa nthiti, ngati wina wakhomapo msomali n'kuiwala kuuzula. Ndinaima pakhonde nditapindika choncho, nkhuku zikundiyang'ana.

Apa n'kuti ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Kwathu kuno ku Milange anthu amanditchula a Enjinyero, chifukwa ndinaphunzira zomangamanga ku Kelimane chaka chimodzi ndi theka. Zotsalazo ndinasiyira anzanga kuti nawonso alaweko. Tsono munthu wa maphunziro otere sathamangira kuchipatala ndi msana, amadziyeza yekha. Ndinadziyeza, ndipo zotsatira zinatuluka zoti ndi matumba a simenti basi.

Miyezi isanu ndinali dokotala wa ine mwini. Ndinkamwa mapilitsi a ululu ogula pamsika wa kumalire. Mkazi wanga Lurdes ankandithowa ndi madzi otentha. Mkulu wina wa ku Mongue ananditema mphini khumi ndi ziwiri, zowongoka bwino kuposa makoma ena omwe ndinamangapo. Mu Juni thupi linayamba kutentha masana aliwonse, thukuta kamukamu. Mu Julayi ndinaboola lamba kawiri chifukwa chowonda. Mu Ogasiti pamsana panatuluka kachotupa kolimba ngati mfundo ya nsungwi, ndipo zala za kumapazi zinachita dzanzi. Lurdes ankanena za chipatala sabata iliyonse. Ine ndinkayankha kuti tikakolola nandolo.

Nandolo anakolola ena. Kumayambiriro kwa Seputembala ndinagwa panjira ya kuchimbudzi, ndipo miyendo inakana kundidzutsa. Ndinaiuza mofatsa, kenako mokalipa, koma inangogona pomwepo ngati ya eni.

Kuchipatala anajambula msana. Dokotala anakweza chithunzicho pawindo n'kuloza ndi cholembera.

"Iyi ndi TB ya msana. Mafupa awiriwa adyeka, akufinya mtsempha wopita kumiyendo."

"Koma ine sinditsokomola, a dokotala."

"Si yonse imatsokomoletsa. Mukanabwera mu Meyi tikanangokupatsani mapilitsi, n'kubwerera kwanu mukuyenda."

Ndinagona m'chipatalamo milungu isanu, chagada, pamatiresi oyalidwa pathabwa. M'mamawa mapilitsi, phala lisanabwere. Mkodzo unasanduka wofiira, ndipo namwino anati ndisadandaule, ndi mankhwalawo. Ankanditembenuza anthu awiri, mosamala, ngati chitseko chopakidwa penti. Lachiwiri lililonse namwino yemweyo ankabwera ndi singano kudzandibaya kumapazi, ine nditatsinzina. Sabata yoyamba sindinamve kanthu. Sabata yachinayi ndinamva kuphazi la kumanja, ndipo ndinamuthokoza munthu chifukwa chondibaya.

Ponditulutsa dokotala ananena zinthu ziwiri. Choyamba, mapilitsi chaka chathunthu osadumpha tsiku. Chachiwiri, ndipite msanga kuchipatala chachikulu ku Kelimane akandipangire chovala cholimba chogwira msana ndi kuyamba mafizo, chifukwa mwendo wa kumanzere unali kutsalira, ndipo mtsempha wofinyika sudikira munthu. Anandiletsanso kupinda msana kapena kuberekedwa.

Chovalacho ndi ulendowo boma limathandiza, koma pamafunika kalata yotsimikiza kuti munthu sangakwanitse yekha. Kalatayo imafuna chitupa cha unzika, chomwe kuno timati bilyeti. Changa chinali chitatha mphamvu zaka zitatu m'mbuyomo. Chatsopano chimafuna mwiniwake afike, amujambule nkhope, adinde zala. Anthu a makina ojambulirawo amabwera kuofesi ya boma ya kudera kwathu kamodzi pamwezi.

Tinapita mu Okutobala, ine, Lurdes ndi mchimwene wake, alamu anga a Felisberto. Chikuku tinabwereka kutchalitchi. Ofesiyo ili pachitunda, ndipo ili ndi masitepe asanu ndi awiri. Pambali pake pali rampa, ndiye kuti kanjira ka simenti kotsetsereka, kopangira anthu a zikuku.

Rampayo ndinamanga ndine.

Zaka zinayi m'mbuyomo kunabwera lamulo loti ofesi iliyonse ikhale ndi rampa, ndipo ntchito inagwera munthu wophunzira. Kusukulu anatiphunzitsa kuti rampa imayenera kutalika, kukwera pang'onopang'ono. Phunziro limenelo ndinalipeza, linali la chaka choyamba. Koma rampa yaitali ikanadutsa pomwe pali mtengo wa mbendera, ndipo palibe ankafuna kukhala munthu wozula mbendera. Ndinaifupikitsa. Tinaiyesa ndi wilibala, inakwera. Mkulu wa paofesi anaiyesa ndi njinga yake yamoto, inakwera mpaka pakhonde, iye n'kuwomba m'manja. Kwa ife mayeso anathera pomwepo.

Munthu mmodzi yekha anatsutsa. A Namakhwa amasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi ofesiyo. Miyendo anaisiya pabomba lokwiriridwa m'munda, chaka chomwe anthu othawa nkhondo ankabwerera kuchoka kumisasa ya ku Malawi, ndipo amayenda panjinga yopalasa ndi manja. Simenti ikadali yaiwisi anandiitana.

"A Enjinyero, chimenechi n'chokwerera kapena chotsikira?"

"Zonse ziwiri, madala. Ndi sayansi."

"Ine ndikwera bwanji pamenepo?"

"Muyambire kutali, mubwere ndi liwiro."

Anyamata anga a ntchito anaseka mpaka kukhala pansi. Nanenso ndinakondwa nayo nthabwalayo, ndipo ndinaibwereza m'malo angapo.

Tsiku la Okutobala lija Lurdes anandikankha mpaka pakati pa rampa. Pamenepo timateyala takutsogolo tinanyamuka, chikuku chinayamba kugwa chagada, iye n'kuchitchinga ndi chifuwa. A Felisberto anagwira mbali ina, tonse tinabwerera pansi pang'onopang'ono. Ululu womwe unandipyoza sindiufotokoza. Ngakhale tikanafika pamwamba, pakhonde panali pataima njinga zamoto zitatu, pamalo enieni okhoterapo.

"Alamu, mmisiri wake ndi ndani ameneyu?" anafunsa a Felisberto akupuma wefuwefu. "Ndikufuna ndikamuone kwawo."

"Anasamuka," ndinatero.

A Felisberto anati andibereke pamasitepe, koma Lurdes anakana chifukwa cha mawu a dokotala. Analowa yekha kukapempha kuti makina atuluke. Mayi wojambula, munthu waulemu wake, anatsika mpaka pomwe ndinali, n'kupepesa kuti makinawo batire lake linafa, amadalira magetsi a pakhoma, ndipo chingwe chake sichifika ngakhale pakhomo. Anati mwezi wamawa aona chochita.

Nthawi yonseyi a Namakhwa anali pamtengo pawo paja. Ndinkadikira kuti anene mawu aja a liwiro. Ndinali nditawakonzekera, ndipo anali oyenera kundibwerera. Iwo anangoluma ulusi, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Pepani ndi matendawa, achimwene." Mpaka lero ndimaona kuti kundinyoza kukanapepukako.

Mu Novembala sitinapite. Mvula yoyamba inadula msewu, ndipo galimoto ya anthu a makina inabwerera panjira. Mwezi umenewo ndinautha ndili pamphasa, ndikuyang'ana denga. Phazi la kumanja linayamba kugwedeza zala. La kumanzere linkawonda, n'kumagwa chozyolika ngati khasu loguluka. Masana ena ndinamva Lurdes akulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo atalowa anati ndi utsi. Pakhomo panalibe moto.

Mu Disembala tinapitanso, tili ndi amuna anayi ndi chitseko choti andinyamulirepo ngati zitavuta. Chitsekocho sichinagwire ntchito. Tinapeza tebulo lili pansi pa mtengo wa mango, makina ali pamwamba pake, chingwe chachitali cha magetsi chikuchokera pawindo la ofesi, kutsika masitepe onse asanu ndi awiri, kudutsa pabwalo. Chinali cha munthu wometa tsitsi wa pamsika. A Namakhwa ndi amene anakachibwereka, n'kuchipereka kwa mayi uja m'mawa womwewo. Nsalu yoyera yojambulira anaipachika panthambi.

Pamzere panali anthu omwe sindinkadziwa kuti aliko kudera kwathu. Mayi wokwawa ndi mawondo, atavala masilipasi m'manja. Bambo wakhungu ndi mkazi wake. Gogo wobwera pawilibala. Onsewa zaka zinayi zonse ofesi yawo inali ndi rampa, ndipo pamapepala zinalembedwa kuti anthu olumala akufikako.

Mayi wojambula uja atandiona anati ndiyambe ndine popeza ndine wodwala. A Namakhwa anapalasa njinga yawo n'kuima patsogolo panga.

"Ayi mayi, a Enjinyero adikire. Iwo ali pamzere miyezi iwiri. Ine zaka zinayi."

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo, ndipo ndinadikira. Ndinamva tsiku limenelo kuti thandizo la boma lomwe olumala amalandira a Namakhwa anali asanalionepo, chifukwa chitupa chawo chinatha ndipo anakana kunyamulidwa ngati thumba pamaso pa anthu omwe amawasokera nsapato. Ndinapepesa. Anayankha kuti amva, n'kufunsa ngati nsapato zanga zikufuna kusokedwa, popeza tsopano zikupuma.

Ku Kelimane ndinafika mu Januwale, miyezi itatu kuchokera pomwe dokotala ananena kuti msanga. Anandiyeza, anandipangira chovala chija, ndinayamba mafizo m'chipinda cha zitsulo ziwiri zogwirira. Wamafizo anapinda phazi la kumanzere, analisiya, linagwa. Anapindanso, linagwanso. Sanakalipe. Anangoti, "Kumanjaku tipeza zonse. Kumanzereku tipeza zomwe zatsala."

Mu Marichi ndinaima. Mu Meyi ndinayenda kuchoka pabedi kufika pakhomo, Lurdes akuyenda chafutambuyo patsogolo panga manja ali tambasu. Mapilitsi ndinamaliza mu Seputembala osadumpha tsiku, ndipo chimenechi ndi chinthu choyamba cha utali wotere chomwe ndinamaliza m'moyo wanga.

Lero TB inatha. Thupi linabwerera, kutentha kunasiya. Ndimayenda ndi ndodo imodzi, phazi la kumanzere ndimalikoka, ndipo madokotala akuti likhala choncho. Pamakwerero sindingakwerenso. Miyezi yomwe inadya phazi limeneli ndimaiwerenga kawirikawiri: isanu ndinaitaya ndi mapilitsi a pamsika, itatu ndinaitaya pansi pa simenti yanga yomwe. Ndafufuza wina woti ndimuimbe mlandu, koma kulikonse ndikupeza siginecha yanga.

Tebulo lija likumatsikabe mwezi uliwonse, ndipo ofesi inagula chingwe chakechake. Rampa ikadali momwemo. Ndinajambula ina yaitali, yokhota mozungulira mbendera, ndi chitsulo chogwirira, ndipo ndinaipereka. Anandiuza kuti pepalalo lapita kumtunda, kwa akuluakulu. Ndikudikira, ndipo kudikira ndinaphunzira bwino.

Kwa inu amene msana wakuwawani kupitirira mwezi, thupi likutentha, lamba akukula, zala zikuchita dzanzi, musadikire chifuwa ndipo musadikire nandolo. Pitani akakujambuleni sabata yomweyo, mankhwala ake ndi aulere. Onaninso chitupa chanu lero ngati chili ndi mphamvu. Ine chipatala chinali ulendo wa ola limodzi panjinga, ndipo nthawi imeneyo ndinkapalasa ndekha.