Mahosipawa Mazana Awiri a Amalume

Pepala lija ndimalionabe m'maso mwanga. Amalume analikhomera ndi msomali pakhoma, pamwamba pa kalendala ya tchalitchi. Linali ndi mzere wofiira wokwera, ndipo pansonga pake panali nambala: mahosipawa mazana awiri, kuti ndiyo mphamvu ya injini yawo. Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chilimwe chimenecho pakhomo pathu panalibe nkhani ina.

Amalume anali ndi pikapu yakale yotsokomola utsi wabuluu. Anaiikira kabuleta yaikulu ndi ekizozi yonenepa ngati munsi, kenako anapita kwa aphunzitsi athu ku Mbombwe, omwe anali ndi laputopu, kuti awawerengere mphamvu yatsopano. Aphunzitsi anawachenjeza ine ndikumva: "Makinawa akuyesa kuti injini ndi yatsopano, achimwene. Yanuyi ikafika theka muyamike." Amalume anatenga pepala, chenjezo n'kulisiya pampando.

Mpaka lero zimandinyansa. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, amene ankathira yekha oyilo m'mawa uliwonse chifukwa injini inkamwa, n'kukakhulupirira mzere wojambulidwa ndi chinthu chomwe sichinanunkhepo utsi wake!

Mayi anali atalima matimati kudimba. Ankathirira ndi ndowa mpaka mapewa kusupuka, ndipo m'madengu a matimatiwo ndimo munkachokera ndalama za feteleza wathu wa dzinja. Chaka chilichonse ankawakweza pa lole ya amayi anzawo yopita ku Limbe. Chaka chimenecho amalume anakana. "Mlongo wanga akwere za eni ine ndilipo? Madengu onse, ulendo umodzi!" Anawasanjika ena pamwamba pa anzawo mpaka matayala akumbuyo kuphwatalala.

Pamalo osalala galimoto inkabangula, ana n'kumatithamangira, ndipo ine, amene ndinakwera nawo pamodzi ndi mayi, ndinkadzimva ndithu. Koma pachikweza tisanafike ku Njuli, phokoso linakula pamene liwiro linkatha. Nthunzi inatulukira kubonati, fungo la oyilo wopserera n'kutikwana kukhosi, ndipo injini inazima.

Lole ija inatipeza pomwepo. Dalaivala anaima, nati tisamutse katundu. Amalume anamukupiza ndi dzanja: "Pitani, ikungopuma." Ichi ndiye sindinawakhululukire.

Inapuma mpaka dzuwa kupendeka. Matimati apansi anaphwanyika, madzi ake n'kumadontha pafumbi, ntchentche zobiriwira zili ng'aa. Mmene galimoto ina inkatikoka kubwerera kunyumba, madengu ankanunkha chowawasa. M'mawa mwake mayi anasankhamo dengu limodzi lokha, ena onse tinakakhuthulira nkhumba za aneba. Mpaka pano sindidya matimati ofewa.

Tsiku lomwelo amalume anabwera manja ali bii, akuti vuto linali petulo wosakaniza. Ndinadikira kuti mayi alalate. Iwo anagwada, nawapatsa madzi ndi sopo.

"Zikomo achimwene, mwayesetsa."

Ndinathawira kuseri kwa khola ndikulira ndi ukali, ndikuti mayi anga ndi opusa kuposa mchimwene wawo. Pepala lija linakhalabe pakhoma mpaka chiswe kulidya. Chimene sindinkadziwa n'chakuti amalume ndiwo anali mwini mbumba, wogawa minda ya banja lathu, ndipo dimba lija mayi ankalima chifukwa iwo analola.