Diso Lotsala la ba Humphrey

Ba Humphrey Sakala a ku Nangongwe anabadwira pafupi ndi siteshoni. Bambo awo anachoka ku Petauke kudzakonza njanji. Ba Humphrey anakula nkumakonza makompyuta. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo analemba pulogalamu imene alimi a madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Kafue amaidalira. Anthu atatu akumtunda amayeza madzi ndi ndodo, nkutumiza nambala pa foni. Madzi akamakwera msanga, pulogalamuyo imachenjeza mafoni mazana anayi kuti anthu achotse mapampu, akolole zimene angathe.

Chaka chino mu Okutobala, nyenje zikulira, mango asanapse, kampani yosunga pulogalamuyo pa intaneti inalemba kuti Novembala akatha sidzayendetsanso mapulogalamu akale. Sabata yomweyo dokotala wa ku Lusaka anawauza kuti shuga wadya maso. Lamanzere linali litazima kale. Lamanja mwina lifika Khirisimasi.

Pulogalamu inafunika kulembedwanso, ndipo choyamba kunali kusankha fremuweki, maziko okonzeratu amene wolemba amamangapo. Panali mtundu watsopano wa imene anazolowera, yaing'ono ndi yopepuka, koma anthu ambiri anaileka kalekale. Panalinso Django, imene iwo sanaikhudzepo, koma mlamu wawo Rachael, mphunzitsi wa makompyuta kusekondale, ankaidziwa.

Anaziyesa mwa njira yawo. Anatenga chitenje cha akazi awo, ba Winfrida, nkuphimba sikirini kuti aone ngati angalembe osapenya. Mu yozolowerekayo zala zinayenda zokha, tsamba lonse zolakwika ziwiri. Mu Django anakanika pa mzere wachitatu.

Rachael anawapeza ali chomwecho. Anafunsa ngati kompyuta yalowa chinamwali. Iwo anachotsa chitenje, nkumuonetsa tsambalo monyadira.

“Zala zili bwino, ba mulamu,” anatero Rachael. “Manje pulogalamu ikafa mu Febuluwale, madzi ali pakhomo, muzaona na chani pamene yafela?”

Ba Humphrey anamuuza kuti apite akachonge mayeso a ana. Masiku atatu otsatira anaimbira aliyense amene anaphunzira naye, ku Lusaka, ku Kitwe, kufunsa wodziwa fremuweki yawoyo. Mmodzi ali ku Joni ndipo sayankha. Wina amagulitsa matayala, anaseka nkunena kuti anaiwala zonse. Wachitatu anamwalira chaka chatha, iwo osamva.

Tsiku lachinayi anakhala pakhonde. Kutentha kunali kwa mvula yoyandikira. Anauza ba Winfrida kuti akasankha yawo, amaliza m'sabata imodzi, koma pulogalamuyo idzafa pamodzi ndi diso. Akasankha ya Rachael, kuwala kotsalaku akuthera pa kukhala mwana wasukulu, mwinanso osamaliza, ndipo chotulukacho sichidzakhalanso chawo. Ba Winfrida sanawatonthoze. Anangonena kuti ba Elisha, achimwene awo a kudimba, agula pampu yatsopano, ndipo dzulo amafunsa ngati mauthenga abwera chaka chino.

Ba Humphrey anaimbira Rachael. Sanapepese. Anafunsa kuti amaweruka nthawi yanji.

Anagwira ntchito masana alionse magetsi akakhalapo, ndipo masiku ambiri kunalibe. Iwo ankanena zimene pulogalamu iyenera kuchita, Rachael nkumalemba. Ankakangana. Masiku atachepa anayamba kutaya zinthu. Anataya mapu a mtsinje amene ba Humphrey anawajambula chaka chathunthu. Anataya mbiri ya madzi ya zaka zonse. Anasiya chenjezo lokha.

Mvula yoyamba inagwa pa 27 Novembala. Fumbi linanunkhira, inswa zinatuluka kuseri kwa nyumba. Madzulo ake Rachael analowetsa nambala yoyesera, ndipo foni ya ba Humphrey inalira m'thumba. Anaiyandikitsa ku diso lamanja, anaitembenuza, anaiyandikitsanso. Ankaona kuwala kokha.

“Niwerengeleko, mulamu.”

Rachael anawerenga: madzi akukwera, chotsani mapampu. Anamupempha abwerezenso, ndipo anabwereza. Kenako Rachael anawauza zoona, kuti mwa oyeza atatu aja pulogalamu ikulandira nambala za mmodzi yekha, ndipo sakudziwa chifukwa. Kunatsala masiku atatu.

Ba Humphrey anakokera mpando pafupi ndi wake. Chitenje chija sichinafunikenso.

“Werenga mokweza, mzere na mzere,” anatero. “Ine nizamvela.”