Zimene Che Saidi Ananena za Galimoto Yofiira

Che Saidi, makaniko amene anandiphunzitsa kugwira sipanala, anachotsedwa ntchito chifukwa cha bodza langa. Zinachitika pa Fort Manning, pamene lero tikuti pa Mchinji, m'masiku a Chitaganya.

Ntchitoyo ndinaipeza mwangozi. Ndinali nditangomaliza Sitandade 6, ndikungokhala kwathu kwa Dambe, pamene amalume anandituma ku boma kukagula tcheni cha njinga pasitolo ya Bwana Yusufu, Mmwenye wamalonda. Kuseri kwa sitoloyo kunali galaja. Ndinapezako bambo wamtali, wovala kofiya, atagwira kabokosi ka mapulagi n'kumakatembenuza uku ndi uku. Anandifunsa ngati ndimatha kuwerenga za Azungu. Ndinamuwerengera nambala ndi mawu onse a pakabokosipo. Ameneyo anali Che Saidi, ndipo Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito.

Ntchito yanga inali yowerenga mabuku a injini, kulemba manambala a zitsulo zoti ziitanitsidwe, kutsuka zipangizo ndi palafini, ndi kutanthauzira Azungu Bwana Yusufu akachokapo. Galajayo inali ya malata, yokhala ndi dzenje limodzi lolowera pansi pa galimoto, majeke awiri, vayisi, ndi tcheni chokwezera injini chomangidwa panthambi ya mbawa. Che Saidi anaphunzira malole kunkhondo. Ankawerenga Chiarabu, koma Chingerezi sankachidziwa. Injini ankaimvera potsamiritsa sikuludiraiva pachitsulo, chogwirira chili kukhutu. Oyilo ankamufikisa pakati pa zala ziwiri n'kunena ngati mkati muli chitsulo chikudyeka. Dzuwa likafika pamutu ankasamba m'manja katatu, palafini, sopo, kenako madzi okha, n'kupita kukaswali.

Pakhoma pa galajayo panali timitengo ta nsungwi tisanu, kalikonse ndi chizindikiro chake. Misewu ya nthawi imeneyo inali yafumbi. Matayala a malole ankakumba mizere iwiri, pakati n'kutsala msana wa dothi ndi miyala. Che Saidi ankapita yekha panjinga kukayeza msanawo pamalo oipitsitsa a msewu uliwonse, n'kudula nsungwi yofanana nawo kutalika. Kunali kamtengo ka msewu wa Mkanda, ka Kamwendo, ka kumalire, ndi tiwiri ta m'maesiteti. Munthu akafuna kugula galimoto, funso loyamba la Che Saidi linali lakuti, "Amakhala kuti?" Akatero ankatenga kamtengo ka kwawoko n'kukaimika pansi pa sampu, chibekete cha oyilo chimene chimakhala kunsi kwa injini. Kakaima bwinobwino, galimoto ndi yoyenera. Kakakana, nkhani yatha.

Ine ndinkaziona ngati zachikale. M'mabuku mwanga munalibe nsungwi.

Kasitomala wathu wamkulu anali Mzungu woyang'anira esiteti ya fodya cha ku Mkanda. Antchito ake anamupatsa dzina loti Kafumbi, chifukwa akadutsa m'mudzi amayi ankathamangira kukavundikira ufa. Malole atatu a esiteti yake ankakonzedwa kwathu, ndipo ndiwo ankadyetsa galaja yonse. Chaka chimenecho fodya anagulidwa bwino, ndiye Kafumbi anafuna galimoto yothamanga, ya mipando iwiri, ya denga la tenti, zija Azungu ankapikisanira. Zinapezeka ziwiri zogulitsa: yofiira ku Fort Jameson, kutsidya kwa malire, yobiriwira ku Lilongwe. Eni ake anavomera kuzibweretsa pagalaja pathu Loweruka limodzi kuti tiziyeze. Bwana Yusufu anali ku Limbe kokapikula katundu. Wotanthauzira ndinali ine.

Tinaziyeza m'mawa wonse, anthu atazungulira mpanda.

Yofiira inali yaitali ngati bwato, yokhala ndi masilinda asanu ndi imodzi ndi makabyuleta awiri. Mipando yake inali yachikopa. Wotchi yake ya liwiro inalembedwa mpaka 140. Mtengo wake unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri wa inzake. Petulo inkamwa kwambiri. Chitsulo chilichonse cha injini yake chinkayenera kuitanitsidwa kunja, kubwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji.

Yobiriwira inali yaifupi, ya masilinda anayi, yamatayala ataliatali opyapyala. Wotchi yake inathera pa 100. Tenti yake inkadontha pakona, ndipo kumbuyo kunkangolowa sutikesi imodzi. Koma mapulagi ake, lamba wa fani ndi mabuleki zinali zofanana ndi za galimoto wamba za aboma, zimene tinali nazo pashelefu.

Kafumbi anaziyesa zonse pamsewu waukulu wopita kumalire. M'yobiriwira anakwera ndi Che Saidi, m'yofiira anakwera ndi ine. Ndinali ndisanakwerepo kutsogolo kwa galimoto iliyonse. Muvi wa wotchi unadutsa 90 ndikuuona ndi maso angawa. Mitengo inasanduka mpanda umodzi. Pobwerera tinadutsa pamsika, ndipo anzanga amene ndinaphunzira nawo anandiona nditakhala pachikopa, chigongono chili panja. Ndinatsika mtima utagwa kale m'galimoto yofiirayo.

Che Saidi anatenga kamtengo ka Mkanda n'kutsikira m'dzenje. Pansi pa yobiriwira kanaima, n'kutsala mpata wa chala chimodzi. Pansi pa yofiira kanakana. Anakayesa kawiri. Kanapitirira sampu ndi zala zitatu.

Anatuluka, napukuta manja, n'kundiuza kuti, "Umuuze bwanayu kuti yofiirayi ndi mkazi wa m'tauni. Kukongola akongoladi, koma kumunda sapita. Akaigula, agulenso ndi msewu wake. Padambo paja pa Mkanda idzasiya matumbo mvula ikangoyamba. Atenge yobiriwira."

Kafumbi anali ataima pafupi ndi yofiira, dzanja lili pabonete ngati munthu wosisita ng'ombe yake. Anandifunsa mwachidule kuti mkuluyo akuti chiyani.

Ndinamuyankha m'Chingerezi kuti, "Akuti zonse ndi zabwino, bwana, koma galimoto yeniyeni ndi yofiirayi."

Kafumbi anaseka mokweza n'kupatsa Che Saidi moni wa padzanja, chinthu chimene sanachitepo. Che Saidi anamwetulira poganiza kuti malangizo ake amveka. Patapita kanthawi tinaona yobiriwira ikubwerera ku Lilongwe ndi mwini wake.

"Yotamu, unamuuza?" Che Saidi anandifunsa.

"Ndinamuuza, bambo."

"Za dambo zomwe?"

"Zonse."

"Basi. Ndalama n'zake, msananso ndi wake."

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinanama chifukwa choopa kukhumudwitsa Mzungu. Mantha analipo, koma sindiwo ananditsogolera. Ndinkafuna kuti galimoto yofiirayo izibwera pagalaja pathu, ndiziitsuka, ndizikwezedwamo poiyesa. Ndinkaganizanso kuti munthu wowerenga mabuku sangaposedwe ndi kansungwi.

Yofiirayo inayenda milungu isanu ndi umodzi. Mvula yoyamba itagwa, dothi la m'mizere ya matayala linafewa, malole n'kulikumba, msana wa msewu n'kukwererako. Lachiwiri lina m'mawa kunafika munthu wa kuesiteti panjinga, thukuta lili kamukamu, kudzanena kuti bwana watitimira padambo.

Tinapita pa lole ya Bwana Yusufu. Tisanaione galimotoyo tinaona mzere wakuda wa oyilo pakati pa msewu. Unayambira pamwala wosongoka, womwe unali ndi chipsera choyera pamwamba, n'kupitirira mtunda wautali. Kafumbi anamva kugunda koma sanaime. Anapondabe mafuta mpaka injini inauma n'kugwirana. Tinamupeza ataima m'matope, nsapato zoyera zitasanduka zofiira, amayi amene ankapalira chimanga chapafupi atasiya makasu n'kumaonerera. Mmodzi anafuula kuti, "Lero fumbi lathawa mwini wake!" Onse anaseka. Kafumbi sanamve mawuwo, koma kusekako anakumva.

Kuikoka sikukanatheka, chifukwa ikanagundanso miyala ina. Che Saidi anaitanitsa matabwa anayi ndi amuna a kuesiteti, ndipo tinaikankhira pamwamba pa lole, tinaimanga ndi zingwe, n'kubwerera pang'onopang'ono. Tinalowa pa boma masana, galimoto yothamanga kuposa zonse m'chigawo chathu itaberekedwa ngati mwana.

Pagalaja Che Saidi anamasula sampu. Inali ndi bowo lolowa chibakera. Anamasula mabeyaringi a m'kati mwa injini n'kupeza atasungunuka. Anauza Bwana Yusufu kuti popanda zitsulo za kunja palibe chimene angachite, ndipo kudikira kwake ndi kwa miyezi.

Apa ndi pamene Kafumbi anaphulika. Analoza Che Saidi ndi chala, nati munthu ameneyu ndiye anamuuza kuti agule. Anati ngati makaniko wa pano sadziwa kusiyanitsa galimoto, malole ake atatu azikakonzedwa ku Fort Jameson kuyambira mawa. Bwana Yusufu, amene ankalankhula zinenero zonse ziwiri, anatembenukira kwa Che Saidi n'kumufotokozera.

Che Saidi sanakweze mawu. "Ine ndinati yobiriwira. Ndinatchula dambo lomwelo. Funsani mwanayu, ndiye anali pakamwa panga."

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinali nditagwira beseni la oyilo wakuda. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza za amalume, za kubwerera kwa Dambe wopanda ntchito, za anzanga a pamsika aja. Bwana Yusufu anafunsa, "Yotamu, ananena iti?"

"Anati yofiira."

"Yotamu," anatero Che Saidi, "tayang'ana kuno."

Sindinayang'ane.

"Ndiye Chingerezi chake n'chimenechi?" anafunsa Che Saidi.

Ndikhulupirira kuti Bwana Yusufu anadziwa zoona zake, chifukwa anali atagwira ntchito ndi Che Saidi zaka zambiri ndipo timitengo tija ankatidziwa. Koma mbali imodzi kunali makaniko mmodzi, mbali inayo malole atatu, ndipo ine ndinali nditamutsegulira khomo losavuta. Anauza Kafumbi kuti mkuluyo sadzagwiranso galimoto zake. Kenako anauza Che Saidi, maso ali pansi, kuti apume kaye kunyumba.

Che Saidi analongedza zipangizo zake m'bokosi lachitsulo lomwe anabwera nalo kunkhondo. Anasiyanitsa bwinobwino masipanala ake ndi a galaja, ngakhale panalibe womuwerengera. Anamanga bokosilo pakaliyala ya njinga. Asanakwere anabwerera kudzenje kumene ndinabisala ngati ndikutsuka, n'kunena kuti, "Lole ya buluu ija sindinamalize kumanga manati a tayala lakumbuyo kumanzere. Usaitulutse usanamange, ingaphe anthu."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza.

Bwana Yusufu analemba makaniko wina wochokera ku Fort Jameson, wodziwa Chingerezi. Motero wotanthauzira sanafunikenso kwenikweni, ndipo ntchito imene ndinainamira inasanduka yosesa ndi kutunga madzi. Galimoto yofiira inakhala kuseri kwa galaja dzinja lonse, nkhuku zikuikira mazira pampando wachikopa. Zitsulo zitafika inakonzedwa, Kafumbi n'kuigulitsa kwa munthu wa ku Salisbury, likulu la Chitaganya, kumene kunali misewu ya phula. Ine ndinapirira miyezi isanu ndi iwiri. Kenako ndinapita ku Blantyre, kumene ndinayamba kusesa m'nyumba yosindikizira mabuku ndi nyuzipepala, mpaka ndinaphunzira kulemba nkhani.

Owerenga ena angafunse kuti pa ziwirizo yabwino inali iti. Pa liwiro, yofiira. Pa kukongola, yofiira. Pa mtengo, petulo ndi zitsulo, yobiriwira. Kwa munthu wokhala ku Mkanda m'masiku amenewo, yobiriwira yokha, ndipo zimenezi zinanenedwa poyera, m'Chinyanja chomveka, galimoto isanagulidwe.

Pantchito ya nyuzipepala ndakhala ndi lamulo limodzi limene sindinalipeze m'buku: mawu a munthu ndi katundu wake. Akakutuma nawo, ukawatule monga anakusenzetsera, kaya wolandirayo akwiya, kaya iwe wemwe sukugwirizana nawo. Akonzi anga ankandiyamikira kuti sindipotoza zonena za anthu. Ndinkalandira kuyamikako osawauza kumene ndinaphunzirira.

Mwezi watha dalaivala wina wa basi anandiuza kuti Che Saidi ali moyo. Atachoka pagalaja sanagwirenso injini. Anakhala akukonza njinga pansi pa mtengo pa Kamwendo mpaka maso atayamba kuchita khungu, ndipo tsopano ntchitoyo ili m'manja mwa mwana wake wamwamuna. Ndinalembera kalata mwanayo kupempha kuti ndikaonane ndi bambo ake. Yankho linabwera la mzere umodzi: akuti mubwere tsiku la msika, anthu akakhalepo.

Ndikwera basi Lachisanu. Nkhani ino ndikawawerengera ndekha, mokweza, pamaso pa anthu a pamsikawo.