Sopo wa a Makwinja

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kugwada. Sindikuseka ayi. Nditalakwa mayeso a Fomu 4 ndinkagulitsa mandasi pa boda ya Mchinji, zaka zija matipate atangoyamba kumene, mwana ali kumsana, bambo wake atathawira ku Joni osasiya ngakhale adiresi. A Tembo, bambo wa ku Chipata amene anali ndi kashopu kuseri kwa malo oimika mathiraki, anandiona tsiku lina ndikupereka chenje kwa nkhalamba ina nditagwada, ndi manja awiri. Anandikodola.

"Umatha kuwerenga Chingerezi, iwe?"

Ndinati ndimatha.

"Manje ubwere mawa. Uvale chitenje, osati siketi iyo."

Kunja shopuyo inkagulitsa mabatire ndi makaseti, koma malonda enieni anali m'chipinda chamkati. A Tembo ankagula zinthu za asilikali akale amene anakamenya nkhondo za azungu ku Bama ndi kwina: mamendulo, mabaji a pachipewa, mabatani amkuwa, malamba, mabotolo amadzi achitsulo, mipeni yomangirira kukamwa kwa mfuti, ndi timabuku timene msilikali ankapatsidwa potuluka usilikali. Zonsezo zinkawoloka kupita ku Lusaka, kumene kunali azungu okonda kuzisonkhanitsa.

Sabata ziwiri zoyamba anandiphunzitsa kuzindikira katundu. Patebulo pankakhala galasi lokulitsira zinthu, kasikelo, maginito, mswachi wofewa ndi kansalu. Mendulo ukailandira umayamba waiyeza kulemera, kenako umaikhazika pansonga ya chala n'kuigogoda pang'ono ndi pensulo. Yasiliva imalira kwa kanthawi, yabodza imangoti thi. Maginito akaigwira, imeneyo ndi yotaya. Nyenyezi zamkuwa za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinali mbwee ndipo zinalibe mayina, choncho mtengo wake sunkaposa wa nkhuku. Zimene a Tembo ankazifunitsitsa zinali zozungulira zasiliva zokhala ndi zilembo m'mphepete: nambala ya msilikali, udindo wake, ndi dzina lake. Zilembozo umazipenda ndi galasi kuti uone ngati zinadindidwa ndi makina kapena wina wachita kuzokota ndi msomali. Lamulo loyamba linali losakwecha. Amayi a m'midzi, pofuna kutisangalatsa, ankakwecha mamendulo ndi phulusa ndi ndimu mpaka kung'anima ngati poto wa mkwatibwi, osadziwa kuti mzungu amalipira kuda komweko. Mbali imeneyi ya ntchito ndinkaikonda, ndisabise. Kanali koyamba kuti ndidziwe chinthu chimene ena sakuchidziwa.

Lamulo lachiwiri ndi limene limandiwawa mpaka lero.

"Mawu akuti kugula usawatchule," anatero a Tembo. "Nkhalamba sigulitsa mendulo. Uziti tikukalembetsa mayina a asilikali, ndipo iyi ndi ya sopo chabe."

Ya sopo aliyense amaidziwa. Ndi kangachepe kamene munthu amakusiyira pothokoza, si mtengo wa chinthu. Ankandilongedzera m'chikwama mitanda ya sopo wochapira ndi timaenvelopu ta ndalama zochepa. Kwa a Tembo, munthu akalandira ndiye kuti wagulitsa. Kwa wolandirayo, chinthu chake changobwerekedwa. Ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti awiriwa asamvane.

Ndinazungulira pa njinga ku Dambe, ku Ludzi ndi m'maesiteti a fodya. Ndikafika pakhomo ndinkagwada chapatali, kupereka moni mosathamanga, kufunsa za mvula ndi za miyendo. Masutikesi amene ana a eni ake sanaonepo mkati mwake ankanditsegukira ine.

A Makwinja ndinawapeza pa esiteti ina kupitirira Ludzi. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera kalekale kudzachita utenanti, ndipo mphamvu zitawathera anawasiya kuti azilondera zigafa za fodya. Akazi awo anali atamwalira, ana atabalalika. Pa esitetipo wamkulu ndi mwana yemwe ankangowaitana kuti alonda. Anatulutsa kachitini ka tiyi, m'kachitinimo kansalu, m'kansalumo mendulo yasiliva yodera bwino, riboni yake yapepo ya mzere wobiriwira pakati, ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa dzina la dziko la Malaya. Kabuku kawo ka usilikali kanali katadyedwa ndi chiswe. Ndinaika galasi m'mphepete n'kuyamba kuwerenga nambala mokweza. Ndisanafike pakati anaimirira, ndodo n'kugwa pansi, manja m'mbali, n'kuimaliza okha nambalayo m'Chingerezi. Kenako ndinawerenga dzina.

"Papita zaka, mayi, munthu asananditchule choncho," anatero.

Sankadziwa kuwerenga. Koma anandionetsa mmene ankayendetsera chikhadabo cha chala chachikulu pazilembozo Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi.

Ndinanena mawu anga aja, ndipo sopo ndi envelopu ndinapereka ndi manja awiri. Anafunsa kuti menduloyo ibwera liti. Ndinati akamaliza kulemba. A Tembo ataiona anandigulira chakumwa chozizira, chinthu chimene anali asanachitepo.

Patapita miyezi itatu wailesi inalengeza kuti asilikali akale akalembetse ku boma kuti azilandira thandizo, ndipo aliyense atenge kabuku kake kapena chilichonse cholembedwa nambala yake. Bodza lathu lija linasanduka zoona, koma ife mulibemo. Lachiwiri lina chakumasana ndikupukuta galasi ndinamva ndodo pakhonde. Anali a Makwinja, atavala jekete lakale lothina m'mapewa. Anali atanyamuka tambala woyamba, theka la njira wapansi, theka pa matola, akufunsa anthu kumene kumapezeka mayi wa sopo. Anandiuza kuti mwini esiteti wawalamula kuti fodya akangogulitsidwa atuluke m'nyumba, pakubwera mlonda wa miyendo yabwino. Kulembetsako ndiko kunali chiyembekezo chawo chokha, ndipo kunkatha mawa lake.

"Ndadzatenga mendulo yanga, mayi. Kaya mwamaliza kulemba kuja."

Ndinawakhazika pabenchi n'kulowa mkati. Mendulo yawo inali momwemo, m'kabati yachiwiri, m'kathumba ka pulasitiki kamene ndinalembapo ndi dzanja langa. Inkadikira mzungu amene anali ataikonda kale pachithunzi. Ndinawafotokozera a Tembo zonse, za nyumba, za tsiku lomaliza, ndipo ndinapempha.

"Analandira kapena sanalandire?"

"Analandira ya sopo, bambo."

"Ndiye analandira."

Anatsegula chitini cha mamendulo wamba a nkhondo yachiwiri, ozungulira, otuwa ngati siliva koma osalala m'mphepete. Anasankha imodzi n'kuimangirira riboni yapepo yodula pampukutu umene ankasunga.

"Um'patse iyi. Sawerenga uja. Ukafuna kulira ukalirire ku mandasi."

Atatero anatulukira khomo lakumbuyo kukalankhula ndi dalaivala wa thiraki. Kabati ija sanakhome. Ndinatsala ndekha m'chipindamo, yabodza ili m'manja, yeniyeni ili pamene mkono wanga ukanafika osasuntha phazi. Nthawi inalipo yokwanira kusinthanitsa kawiri konse. Ndinaganiza za mwana wanga, za dengu la mandasi, za fumbi la mathiraki, ndipo kabatiyo sindinaikhudze. Anthu ndikawauza nkhaniyi amati unali mwana, unkaopa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu ndipo ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikuchita.

Ndinatuluka, ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri. Anawomba m'manja pang'ono n'kulandira. Sanaiyang'ane n'komwe. Chala chachikulu chinapita chokha m'mphepete, chinazungulira kamodzi, n'kuzunguliranso.

"Iyi ndi ya ndani, mayi?"

"Ndi yanu, agogo. Anachita kuitsuka."

"Anatsuka mpaka dzina?"

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, akanaitana osintha ndalama a pa boda kuti adzandizinge n'kundikuwiza, mwina bwenzi nditapepukidwa. Iwo anangoika menduloyo pabenchi, n'kupisa m'thumba la jekete. Anatulutsa mtanda wa sopo uja udakali m'pepala lake, ndi envelopu yosatsegula, n'kuziika pambali pa menduloyo.

"Sindinachapire. Ndimati ndidzachape jekete ili tsiku lodzavala mendulo yanga."

Anatola ndodo yawo, n'kundiyang'ana ndidakali chogwada.

"Amene anakuphunzitsani kugwada anakuphunzitsani bwino, mayi."

Anatsika khonde pang'onopang'ono n'kulowera kumene kunkaima matola.

Mawa lake anapitabe ku boma. Ndinamva kwa mayi wina wa pa esiteti yomweyo kuti anatchula nambala yawo yonse pamtima, atawongoka ngati mmene anachitira pamaso panga, koma wolembayo anati pakamwa si umboni. Fodya atagulitsidwa anachoka. Ena amati anabwerera ku Phalombe, ena amati anathera ku Lilongwe. Kumene anaikidwa sindikudziwa, kaya pamandapo pali dzina.

Musandiyese wolungama kuti ndinasiya ntchito tsiku lomwelo. Ndinakhalabe kwa a Tembo mpaka mvula yotsatira. Mendulo ya a Makwinja inawoloka boda Lachisanu la sabata yomweyo, ndipo amene anaikulunga ndi ine. Envelopu ija a Tembo anaibwezera m'chikwama changa, inakathera kwa nkhalamba ina ku Dambe. Sopo anamuika pabeseni la kumbuyo, ndipo tonse tinkasambira m'manja mpaka anatha.

Amati mlandu suwola. Wangawu palibe amene anauzenga, koma sunawole. Wofuna kulowa malonda a zinthu zakale ndingamuuze kuti za galasi, kasikelo ndi maginito amaphunzira sabata ziwiri, ndipo ntchito yake si yoipa payokha. Chimene sindinaphunzitsidwe ndinachita kuchitola pabenchi paja. Lero ndimagula mtedza ndi soya kwa alimi a kuno, ndipo ndikafuna chinthu cha munthu ndimaima chilili, kumuyang'ana m'maso, n'kumuuza kuti ndikugula, mtengo ndi uwu, ndipo sichidzabwereranso. Ena amati ndine wamwano, mkazi wosagwadira akulu. Azinena.

Nambala ya a Makwinja ndimaikumbukabe yonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Palibe ofesi imene inandifunsapo.