Njereza ya Mwala wa ku Kasupe

Phuu! Umu ndi momwe unalirira mwala woyamba m'dzenje lathu la moto, zibenthu zake n'kukagwera padenga la khola. Anganga, amene ankandilera chimwalirireni mayi anga, anandikoka mkono n'kundibisa kumbuyo kwawo.

Sabata imeneyo anyamata a chipani anali atayenda khomo ndi khomo kwathu kwa Kalembo, ati nyumba iliyonse yoyang'ana kumsewu ipakidwe njereza akuluakulu asanadutse. Chimene chidzagwere nyumba yotsala yofiira sananene, koma aliyense ankachidziwa. Yathu inali m'mphepete mwenimweni mwa msewu.

Njereza tinalibe. Anganga ankadziwa kasupe wina m'tsinde mwa phiri, amene madzi ake amasiya zoyera ngati ufa pa chilichonse chomwe akhudza. M'kupita kwa zaka zoyerazo zimaumbika n'kusanduka mwala wopepuka, wa mabowomabowo, wina uli ndi chidindo cha tsamba m'kati. Azimayi ankakhulira zidendene. Anganga anali atamva kuti ukauwotcha umasanduka njereza, choncho tinasenza madengu, madzi ali chuchuchu, n'kukhuthulira pamoto momwemo.

Miyala ina inaphulika. Yotsalayo tinaisonkhezera mapesi ndi nkhuni zathu zonse. Itazizira ndinaponya umodzi m'ndowa ya madzi, poti njereza yeniyeni imawira n'kusungunuka. Unangomira, zii.

"Wawira?" anafunsa anganga ali chapatali.

"Iyayi."

"Dikira kaye, mwina ngwaulesi ngati iwe."

Anaseka, koma maso ali kumsewu. Nyumba za anzathu zinali kale mbee. Belu la njinga likangolira, ndinkathamangira kukasuzumira ngati ndi anyamata a chipani aja.

Dzuwa litapendeka, njinga ina inaimadi pakhomo. Sanali a chipani. Anali bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, wowotcha njereza kumapiri a ku Balaka, yemwe ankapaka mzikiti Idi ikayandikira. Anasuzumira m'dzenje, natola mwala umodzi n'kuuyesa kulemera kwake m'dzanja.

"Amama, mumawotcha mbatata kodi? Mwala ndi womwewu, koma umayamba wauma, kenako moto wa masiku, osati wa mapesi."

"Masikuwo ali kuti, achimwene? Anyamata aja akubwera mawa."

Bamboyo anayang'ana khoma lathu, kenako ine. Anamasula kathumba ka njereza pa kaliyala n'kundipatsira m'manja. Kanali kofundirabe.

"Ikwana khoma lakumsewu lokha. Usaigwire ndi manja onyowa, mwana iwe."

Anakwera njinga yake n'kumapita.