Masamba a Maliro pa Msewu wa Bungwe

Msewu wathu si wa boma. Umapatuka pa tala kunja kwa mzinda wa Hamilton, n'kudutsa m'minda ya chimanga, n'kukathera pa nyumba ya nambala 14. Eni nyumbafe ndife eni msewuwo, pamodzi ndi kadambo ka kapinga kali pakati ndi kankhalango ka mikungudza kumunsi kwake. Zonsezi zili m'manja mwa bungwe la eni nyumba, ndipo bungwelo limayendetsedwa ndi komiti ya anthu anayi. Ine ndinakhala m'komitimo zaka zitatu ngati woyang'anira msewu. Musaganize kuti anandisankha chifukwa cha nzeru. Tsiku la zisankho aliyense anazolika n'kumayang'ana nsapato zake, ndipo ine ndinalakwitsa n'kukhosomola.

Ntchito yake inali yopanda malipiro, yopandanso zikomo. M'nyengo yozizira ndinkaimbira foni munthu wa thirakitala yokankha sinowo. Sinowoyo ikasungunuka msewu unkafewa ngati phala, ndiye ndinkayenda ndi fosholo kutsegula makalavati ndi ngalande ndisanapite ku ntchito yanga ya mu labu kuchipatala. Anthu ankandidutsa pa galimoto n'kumandiimikira dzanja ngati ndikusewera. Koma dzenje limodzi likangooneka pa geti la munthu, imelo inkafika tiyi wanga asanazizire.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatsika m'galimoto n'kugwira fosholo. Anali mnansi wanga wa ku Chipata, injiniya, amene ankakwera sitima m'mawa uliwonse kupita ku Toronto. Pa msewu wonsewo mabanja olankhula chinenero chathu tinali awiri okha, lake ndi langa, ndipo tinkanyozana za Malawi ndi Zambia titaima m'matope. Tsiku lina mu Epulo anagwa ku ofesi, mtima unangoima. Anasiya mkazi, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndi ana aakazi awiri.

Uthenga unayenda pa mafoni, ndipo pofika masana a tsiku lotsatira anthu anali atayamba kukhamukira pakhomopo. Ena anachokera ku Scarborough, ena mu Hamilton momwemo, Amalawi ndi a ku Zambia, amayi atamanga zitenje pamwamba pa majekete. Thupi linali kunyumba yachisoni, koma siwa inali pakhomo monga timachitira, ndipo inatenga masiku asanu ndi atatu chifukwa tinkadikira abale ochokera ku Lusaka. Tsiku loyamba lomwelo namfedwa, atakhala pa matiresi pabalaza, anandifunsa ngati aneba sakwiya ndi magalimoto. Ndinagwada n'kuwauza kuti, "Alamu, inu lirani. Za msewu ndi za bungwe mundisiyire ine. Palibe amene akuvuteni." Ndinalonjeza zimenezi pamaso pa amayi odzaza chipinda.

Msewuwo ndi wopapatiza, magalimoto awiri amapatukirana movutika. Ndiye ndinaima pa geti n'kumalozera aliyense kuti akaimike pa kadambo. Ndinkadziwa kuti nthaka inali yofewa, ine ndi amene ndinkaidziwa kuposa wina aliyense. Koma ndikanatani? Ndiuze amayi osenza mapoto ndi matumba a ufa kuti asiye magalimoto ku tala n'kuyenda wapansi mtunda wonsewo? Pofika tsiku lachitatu matayala anali atalima kapinga yense.

Za masamba zinabwera chonchi. M'mawa wa tsiku lachiwiri amayi akuimba, kagalimoto kogawa katundu kanadutsa liwiro la mtondo wadooka, wailesi ili pamwamba, n'kuwaza matope abusa athu amene ankatsika m'galimoto yawo. Ndinalowa m'galaja yanga, ndinatenga chikwanje, ndinatsetserekera ku mikungudza, n'kusadza nthambi zokwana mtolo. Ndinaziyala mopingasa msewu, mzere wina kumtunda kwa nyumba ya maliro, wina kumunsi. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita okha. Kwathu ku Ntcheu ngakhale dalaivala wa minibasi, amene saopa wapolisi, akaona masamba pamsewu amatsitsa wailesi n'kuyenda mwaulemu. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula. Ndinaiwala kuti kuno masamba pamsewu ndi zinyalala basi.

Ndinaiwalanso chinthu china, ndipo pamenepa sindingaloze munthu chala. Lole ya miyala yothira mumsewu, imene ine mwini ndinaitanitsa milungu itatu m'mbuyomo, inali yoti ibwere tsiku lomwelo. Dalaivala ataona nthambi ndi khamu la anthu anaganiza kuti msewu watsekedwa. Anabwerera osatsitsa ngakhale mwala umodzi, n'kuimbira foni wapampando wa bungwe.

Wapampando wathu ndi mayi wina amene anapuma ntchito ku banki ku Toronto. Malamulo a bungwe amawadziwa pamtima, ndime ndi nambala zake. Anafika atavala magolovesi a kumunda, n'kuyamba kukokera nthambi zija m'ngalande. Madala ena a ku Scarborough anazitola n'kuzibwezera pamsewu. Mayiyo anatulutsa foni n'kuyamba kujambula: nthambi, zitsa zake ku mikungudza, mikwasa ya matayala pa kadambo. Ndinathamanga kukamufotokozera. Anandimvetsera atapendeketsa mutu, n'kunena kuti ndi mwambo wokongola kwambiri, koma msewu uyenera kukhala wotseguka kuti galimoto ya ozimitsa moto idutse. Galimoto ya ozimitsa moto! Nthambi zake zoonda ngati chala changa, zoti njinga ya mwana ikhoza kuponda osagwedezeka.

Masana omwewo mayi uja anabweranso, atanyamula mbale yaikulu ya makaroni ndi khadi la chipepeso. Anakumbatira namfedwa, misozi ikutuluka yeniyeni. Zimenezi ndi zomwe zimandiwawa mpaka lero. Akanakhala munthu woipa mtima ndikanadziwa pomuika. Koma ankalira ndi namfedwa, zithunzi zija zili m'thumba la jekete.

Tinaika maliro Lachinayi. Loweruka m'mawa, maluwa asanafote pamanda, komiti inaitanidwa kukhitchini kwa wapampando. Tinalipo tonse anayi: iyeyo, ine, msungichuma, amene ndi bambo wachinyamata wosatsutsa wapampando chilichonse, ndi mkulu wina wopuma ntchito ku fakitale ya zitsulo, amene ankayang'anira kadambo ndi nkhalango. Pa tebulo panali khofi, masikono ndi pepala lolembedwa kale. Milandu inali itatu: kudula mitengo ya tonse, kutchinga msewu, ndi kuwononga kapinga. Pepalalo linali kalata yopita kunyumba ya maliro, yoitana mwini nyumba kuti akaonekere pamaso pa komiti, ndiponso kuti akonze kadamboko pasanathe milungu iwiri.

Ndinayamba bwino, ndikulumbira. Ndinati nthambi ndinadula ndine, magalimoto ndinalozera ndine, lole ndinaiwala ndine. Ngati pali kalata, ilembedwe kwa ine. Kapinga ndikonza ndekha ndi wilibala yanga.

Wapampando anayankha ndi Chingerezi chake chofatsa. Anati akuyamikira mtima wanga, koma lamulo limati mwini nyumba ndi amene amayankha pa zochita za alendo ake, ndipo masiku amenewo ine ndinali mlendo wa nyumba imeneyo.

"Mlendo?" ndinatero. "Pa maliro palibe mlendo."

Anati akumvetsa, koma bungwe silingakhale ndi malamulo awiri. Ndinapempha kuti tidikire ngakhale mwezi umodzi, mayiyo ayambe wapuma. Anati akadikira, ena adzanena kuti komiti imakondera. Kenaka anawonjezera mawu amene anandimaliza. Anati tikalekerera lero, mawa wina adzaitana magalimoto makumi asanu ku phwando la tsiku lobadwa, ndipo tidzasowa chomuuza.

Phwando la tsiku lobadwa! Mnzanga ali m'manda masiku awiri, mkazi wake sanadye chakudya chenicheni kwa sabata, ana akungoyang'ana khoma, ndipo munthu akuyerekeza zimenezo ndi keke ndi mabaluni. Ndinaimirira mpando n'kugwera kumbuyo. Ndinamuuza kuti zaka zitatu ndakhala ndikukumba ngalande zawo iwo ali m'mabulangete, ndipo munthu yekhayo amene anandithandizapo ndi amene akufuna kuvutitsa mkazi wake lero. Ndinamuuza kuti kapinga amamera, ndipo ng'ombe ikanaponda pamenepo sakanailembera kalata. Chingerezi chitandithera ndinapitiriza m'Chichewa, ndipo ndi bwino kuti sanamve. Mkulu wa ku fakitale uja anandigwira mkono wa malaya n'kunena kuti ndikhale pansi. Ndinamukutumula. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka agalu a wapampando anauwa.

Ndinayenda kubwerera kunyumba ndikudziona ngati mwamuna. Mkazi wanga atamva anangondifunsa funso limodzi: "Nanga anavota bwanji?" Ndinati sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa. Anangobwerera ku zochapa zake.

Lolemba mkulu uja anaima ndi galimoto yake pa geti langa. Sanatsike. Anatsitsa galasi n'kundikumbutsa lamulo limene ine ndinkalidziwa bwino lomwe, loti mavoti akafanana nkhani imagwa. Iye anali woti avotere kukana. Ndikanakhala pa mpando paja mphindi zisanu zokha, tikanakhala awiri kwa awiri, ndipo pepala lija likanathera m'bini. Nditatuluka anatsala atatu, ndipo anagonja yekha. "Ndinakukoka malaya," anatero, n'kukweza galasi.

Ndinaimbira wapampando nthawi yomweyo kuti ayimitse kalatayo. Anati yapita kale ndi positi Loweruka lomwelo, chifukwa iye sakonda kugoneka ntchito. Ndinaganiza zokadikira wapositi pa mabokosi a makalata kumphambano, koma bokosi lililonse lili ndi kiyi wake. Ndinaganiza zopita kwa namfedwa kukawachenjeza, ndinafika mpaka pa geti lawo, koma nditamva amayi akupemphera m'nyumba ndinabwerera. Ndinadzinamiza kuti ndiwauza mawa. M'malo mwake ndinatenga wilibala n'kuyamba kukwirira mikwasa pa kadambo, ngati kuti vuto linali dothi.

Lachitatu masana nditangofika kuchokera kuntchito ndinamva odi. Anali namfedwa, atavala zakuda, duku kumutu, mwana wawo wamkulu ali pambuyo. Mkazi wanga anawalandira n'kuwapatsa mpando, koma anakhala pansi pa kapeti. Anatulutsa envulopu m'chitenje n'kuiika patsogolo panga ndi manja awiri.

"Alamu, iyi yabwela lelo," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Chipata. "Mwana wanibelengela. Nifuna muone."

Ndinatsegula. Kalatayo sinalembedwe kwa iwo. M'kaundula wa bungwe nyumbayo inali m'dzina la mwamuna wawo, ndipo palibe amene anaganiza zosintha. Inayamba ndi kupereka moni kwa malemu, dzina lake lonse. Inamuuza kuti alendo ake aphwanya malamulo atatu, ndipo akupemphedwa kudzaonekera yekha pamaso pa komiti Loweruka likudzali nthawi ya teni koloko. Pansi pake, popeza makalata onse okhudza msewu amatuluka m'dzina la woyang'anira msewu, panali dzina langa.

"Manje nizabauza bwanji kuti babwele?" anafunsa. Sankalira. Mwana wawo ndi amene ankalira, akunena m'Chingerezi kuti amayi ake aimirire azipita.

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati sindinalembe ine, sindinasayine, ndinakana, ndinakalipa mpaka mpando unagwa. Mawu ankangotuluka ambirimbiri. Iwo anadikira mpaka nditamaliza.

"Ngati munakana, yapita bwanji?"

"Anavota, alamu."

"Imwe munavota chani?"

Mkazi wanga anayang'ana pansi. Ndinati, "Ndinali nditatuluka."

Namfedwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu pamsika. Anatenga kalata ija m'manja mwanga, anaipinda bwinobwino m'mapindo ake omwe, n'kuibwezera m'chitenje. Ndinawapempha kuti andisiyire, ndikaing'ambe pamaso pa wapampando. Anakana. Anati ili ndi dzina la amuna awo, ndipo aisunga.

Mwana anawagwira dzanja n'kuwadzutsa. Pakhomo anatsanzikana ndi mkazi wanga mwachikondi, n'kumuthokoza chifukwa cha masiku onse amene anagona pa siwa. Kenaka anatembenukira kwa ine, anapinda maondo pang'ono mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Tsalani bwino, a komiti."