Dzira silidikira tchuthi cha Robson

Madzulo a Loweruka banja lonse linali pabwalo ku Kambombo likutonola chimanga. Beauty yekha anakhala patali, pambali pa katundu wake womangidwa m'chitenje. Apongozi ake aakazi anali atagamula kuti mawa abwerere kwawo, poti zaka zinkapita chikwatiwire ndi Robson, mimba osaoneka.

Eneless, mlongo wake wamkulu wa Robson, atatsika panjinga n'kuona mtolowo, mtima unamutentha. Nayenso anasenzapo wotere kuchokera ku ukwati ku Chikwa, anthu akumunena kuti ndi chumba, mwamuna wake osatuluka n'komwe m'nyumba.

Masiku amenewo analira mpaka maso kutupa. Kenako anayamba kukazinga zitumbuwa pamsika wa ku Chama, n'kubwerera kusukulu, kukakhala benchi limodzi ndi ana ang'onoang'ono. Mayeso anamugwetsa, iye analembanso. Lero ndi nesi.

Tsiku limene anaphunzira za mazira a mkazi, chakudya chinamukanika ndi mkwiyo. Ku ukwati kuja anam'thamangitsa popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa zimene zimachitika m'thupi mwake.

Tsono madzulo a Lowerukawo Eneless anakhala pamphasa, natenga chimanga, n'kumafotokoza uku akutonola. Anati mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, ali anthete, lililonse m'kathumba kake, monganso mbuzi ndi ng'ombe. Akatha msinkhu, mwezi uliwonse timatumba tingapo timayamba kukula, kamodzi n'kupitirira tinzake, n'kudzaza madzi, n'kuphulika. Dzira limatuluka chapakati, mkazi atasamba kale koma kusamba kwina kusanafike, ndipo likatuluka silikhalitsa. Tsiku limodzi, basi lapita.

Anafunsa Robson kuti amabwera liti panyumba. Iye anati kumsasa wa alendo odzaona nyama, kumene amaphika, amam'masula kumapeto kwa mwezi kokha, agone kawiri abwerere. Beauty, nkhope ili pansi, ananong'ona kuti nthawi zambiri masiku amenewo iye amakhala ali kumwezi, amagona payekha, ngakhale mchere sathira m'ndiwo.

"Manje amama, mukufuna dzira lizikhala pansi kudikira tchuthi cha Robson?" anafunsa Eneless.

"Ife tinakuberekani popanda nesi," anayankha mayi awo.

"Atate ankagona panyumba."

Robson anaseka mpaka kutsokomola. Mlongo wake anamuuza kuti apemphe kusintha masiku a tchuthi, komanso kuti kuchipatala apita onse awiri, chifukwa mbewu ya mwamuna nayo imayezedwa. Kuseka kunathera pomwepo.

"Mwana sindikulonjeza," anatero Eneless. "Koma mlamu wanga sachoka pano ngati mbale yosweka, asanayezedwe munthu. Zimenezo zinathera pa ine."

Mayi awo anangokankhira dengu la chimanga kumbali imene kunali Beauty.

M'mawa mwake Beauty anamasula mtolo uja, nabwezera mapoto ake pathandala. Chitenjecho anachipinda n'kuchiyala pakaliyala pa njinga, Robson ali kalikiliki kupopa tayala la kumbuyo, kukonzekera ulendo wa kuchipatala.

Inu amene mwapatsidwa dzina loipa ndi anthu osafunsa, musalilandire ngati lanu. Funsani, phunzirani, ndipo mukadzuka mukamasule mtolo wa mnzanu. Mtima usagwe.